Makampani oyang'anira nyumba za lendi mu Blantyre: 10 peresenti yawo imagula chiyani?

Mwini nyumba akamva kuti kampani izidula 10 peresenti pa lendi mwezi uliwonse, amaganiza kuti akulipira munthu wongotolera ndalama. Masiku ano tenanti amatumiza lendi pa Mpamba, pa Airtel Money kapena kubanki ali khale pampando, ndiye wotolerayo ngwa chiyani? Funsoli n'lomveka, koma laphonya pali nkhani. Pa ntchito zonse za makampaniwa, kutolera ndiye kopepuka. Zolemera ndi kusankha wolowa m'nyumba, kusunga mapepala, ndi kuona denga lisanayambe kudontha, ndipo pa zitatuzi makampani a mu Blantyre amasiyana kutalitali.

Tikunena za makampani olembetsedwa, okhala ndi ofesi m'tauni, ku Ginnery Corner kapena ku Limbe, ndi akaunti ya kubanki ya m'dzina la kampani. Madobadoba amene amakuyendetsani wapansi kuchokera pa siteji ya minibasi, atakulipiritsani kale ya kuonera nyumba musanaone ndi geti lomwe, ntchito yawo ndi ina. Amapeza munthu msanga, makamaka m'malokesheni, koma tenanti akangolowa, iwo basi zawo zatha.

Masamu ayambe, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera

Kampani ikamakutsatsani nyumba yogulitsa, imakonda kutchula lendi ya pamwezi n'kuchulukitsa ndi 12. Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopangira chitsanzo. Nyumba ya zipinda zitatu ya kumpanda, ngati zimene zili ku Chimwankhunda, ku Nkolokosa kapena ku Kanjedza, mtengo K120 miliyoni, lendi K700,000. Pa chaka ndi K8,400,000, kutanthauza 7 peresenti ya mtengo wa nyumbayo. Apa ndi pamene wotsatsa amalekezera.

Inu pitirizani. Chotsani mwezi umodzi wopanda munthu, zitsala K7,700,000. Komishoni ya kampani K770,000, ndipo ngati kampaniyo inalembetsa VAT imawonjezera pa komishoniyo pafupifupi K130,000. Zokonzakonza za pachaka, penti, mapaipi, loko, kupopa sepitiki thanki, ikani K900,000. Msonkho wa ku khonsolo ya mzinda, lendi ya malo ngati pulotiyo ndi ya lizi, ndi inshuwalansi, tiike K400,000 zonse pamodzi. M'manja mwanu mwatsala K5,500,000. Ndipo nyumbayo simunaigule pa K120 miliyoni yokha: loya, stamp duty (msonkho wa pa mapepala osinthira umwini), woyeza mtengo, ndi kukonza koyamba zitha kutenga K8 miliyoni ina. K5,500,000 pa K128 miliyoni ndi 4.3 peresenti, a MRA asanatengepo gawo lawo.

Onani bwino chimene chadya kwambiri pamenepa. Komishoni, imene anthu amakanganirana mpaka kutukutira, ikungofanana ndi mwezi umodzi wa nyumba yopanda munthu. Mwezi umodzi ndi 8.3 peresenti ya lendi ya chaka chonse. Kampani imene ikutha kulowetsa tenanti wina pasanathe milungu iwiri, pamene inu mukanatha miyezi iwiri mukuika zithunzi pa WhatsApp ndi pa Facebook, yadzilipira yokha. Imene ikusiya nyumba ili mbee miyezi itatu, ngakhale itatsitsa komishoni kufika pa 7 peresenti, yakudyerani zambiri.

Pa upangiri wogula nyumba, makampani ambiri sitingawapatse mapointi ochuluka, ndipo chifukwa chake si umbuli. Kampani imodzimodziyo ikuimira wogulitsa, amene adzaipatsa komishoni malinga ndi mtengo umene nyumba yagulidwira. Ikukuuzani inu kuti mtengowo ndi wabwino. Kenako ikupempha kuti izikuyang'anirirani. Mawu ake pa mtengo amverani, koma lembani woyeza mtengo wina, wolembetsedwa, amene alibe chake pa malondawo. Pemphaninso umboni wa lendi imene nyumbayo yakhala ikulowetsa, ma risiti kapena sitetimenti ya kubanki ya miyezi 12, osati lendi imene akuti ingathe kulowetsa.

Ngongole ya kubanki

Pano tichedwepo, chifukwa palibe kampani yoyang'anira nyumba, ngakhale yaluso chotani, imene ingapulumutse nyumba yogulidwa ndi ngongole yolemera. Mu February 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza policy rate, chiwongoladzanja chimene imabwereketsera mabanki, kufika pa 26 peresenti, ndipo chiwongoladzanja cha mabanki chimayenda motsatira pamenepo. Tiyerekeze kuti pa nyumba ija mwaikapo theka la m'thumba, theka lina K60 miliyoni mwakongola pa 27 peresenti. Chiwongoladzanja chokha pa mwezi ndi K1,350,000. Mukabweza kwa zaka 15, banki izifuna pafupifupi K1,375,000 mwezi ndi mwezi. Nyumba ikukupatsani, mutachotsa zonse zija, K458,000 pa mwezi. K917,000 yotsalayo izichokera pa malipiro anu kapena pa bizinesi ina.

Ena amati tingotalikitsa zaka. Pa chiwongoladzanja chotere sizithandiza. Kuchoka pa zaka 15 kufika pa 20 kumangotsitsa ya pamwezi ndi ndalama yosakwana K20,000, chifukwa pafupifupi yonse imene mukulipira zaka zoyambirira ndi chiwongoladzanja. Mukatembenuza masamuwo, K5,500,000 ya pachaka ingasenze chiwongoladzanja cha ngongole ya K20 miliyoni basi, gawo limodzi mwa magawo 6 a mtengo wa nyumbayo. Kumbukiraninso kuti ngongole zambiri za nyumba kuno sizikhala pa chiwongoladzanja chokhazikika. Reference rate, mlingo umene mabanki amayambirapo powerengera chiwongoladzanja, ikakwera, ya pamwezi imakwera mwezi wotsatira, pamene lendi yamangidwa ndi pangano mpaka chaka chithe.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu akugulabe? Chifukwa kwacha sikhulupirika. Inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene anali ndi ndalama mu akaunti anaiona ikusungunuka, pamene wa njerwa ndi malata anaona mtengo wa katundu wake ukukwera pamodzi ndi simenti. Zimenezo n'zoona. Koma phindu limenelo mumaliona tsiku logulitsa, ndipo nyumba ya mamiliyoni mazana sigulitsidwa ngati tomato. Mu 2024 ma Treasury bill a chaka chimodzi, njira yobwereketsera boma ndalama, ankapereka zoposa 20 peresenti popanda pulambala kapena tenanti. Amene akufuna gawo la nyumba popanda makiyi angathenso kugula masheya a makampani a nyumba, MPICO kapena ICON Properties, pa Malawi Stock Exchange. Kampani yabwino imakuuzani zimenezi poyera, n'kukulangizani kuti ngati n'kukongola, kongolani pang'ono, monga yomalizira mpanda, kuika thanki kapena kumanga kanyumba ka kuseri kowonjezera lendi. Imene ikuti nyumba idzadzilipira yokha kubanki, ifunseni ikulembereni masamuwo papepala.

Pa mapepala a malo ndi pamene makampani olembetsedwa amaposa madobadoba kutali. Mu Blantyre muli malo a mitundu ingapo: a freehold (a mwini wake popanda malire a zaka), a lizi ya ku Unduna wa za Malo imene kawirikawiri imakhala ya zaka 99, a lizi ya Malawi Housing Corporation, mapuloti a khonsolo m'madera ngati Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni, ndi malo a kwa mfumu m'mbali mwa mzinda cha ku Chileka, Lunzu ndi Mpemba. Banki imafuna title deed, chikalata cha umwini wa malo, yoti iikepo chikole. Kalata ya amfumu siilandira. Kampani yodziwa ntchito imayamba ndi kufufuza ku kaundula wa malo ngati dzina la pa title ndi la wogulitsayo, ngati palibe banki imene inagwira kale nyumbayo, ndiponso ngati palibe amene anaikapo chiletso. Imafunsanso ngongole za ku khonsolo, za lendi ya malo ndi za madzi. Nyumba za masiye ndiye zofunika kudekha. Mwini wake akamwalira, wogulitsa ayenera kukhala ndi chilolezo cha khoti choyendetsera chumacho malinga ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011. Mwana woyamba kapena malume kungogwira makiyi si chilolezo, ndipo mtengo wotsika modabwitsa nthawi zambiri umakhala ndi abale kumbuyo kwake amene sanauzidwe.

Kusankha tenanti

Iyi ndiye ntchito imene 10 peresenti imagula, ikagwiridwa. Kampani yosamala imafuna chitupa cha unzika, kalata ya kuntchito kapena umboni wa bizinesi, sitetimenti ya miyezi itatu, ndi nambala ya landilodi wakale, ndipo imamuimbiradi. Imaona ngati lendi sikupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene munthuyo amapeza. Chizolowezi cha kuno cholipira miyezi itatu pasadakhale chimapusitsa ambiri: munthu atha kukongola katapila kuti alowe, vuto n'kudzaoneka mwezi wachinayi. Kampani yaulesi imangoona K2,100,000 pa tebulo n'kupereka makiyi.

Makampani akuluakulu ali ndi mwayi umodzi umene munthu payekha alibe: mabanki, mabungwe ndi makampani ofuna nyumba za antchito awo ku Namiwawa, Nyambadwe, Sunnyside, Mandala kapena Mount Pleasant amayambira kwa iwo. Tenanti wotere salephera kulipira, ngakhale amatha kuchedwa ndi mapepala a mu ofesi. Koma amadula withholding tax, msonkho wopita ku MRA, asanatumize lendi, ndipo apa m'pofunika maso. Ndalama yodulidwayo sinataike, ndi msonkho wanu wolipiriratu, koma imawerengedwa kwa inu pokhapokha yalembedwa pa TPIN yanu, nambala yanu ya msonkho, ndipo satifiketi yake ilipo. Zimachitika kuti imalembedwa pa TPIN ya kampani yoyang'anira, mwini nyumba n'kudzalipira kawiri. Funsani zimenezi musanasayine. Amene angakuuzeni kuti muzilipiritsa lendi m'madola, dziwani kuti malamulo a ndalama zakunja salola zimenezo pa malonda a m'dziko muno. Chotetezeka ndi ndime ya m'pangano yoti lendi iziunikidwa chaka ndi chaka.

Nyumba za ophunzira pafupi ndi mayunivesite a MUBAS ndi KUHeS, ku Chitawira, Naperi, Zingwangwa ndi kwina kozungulira, zili ndi masamu akeake. Kulipiritsa pa bedi kumabweretsa zambiri kuposa banja limodzi, koma tchuthi chikafika zipinda zimakhala zopanda anthu, madzi amapita ochuluka, ndipo zitseko ndi mipando ya chimbudzi sizikhalitsa. Makampani ambiri sazikonda, chifukwa m'malo mwa tenanti mmodzi ali ndi anthu 12 oti aziwalondola.

Kukonza: apa ndi pamene pamalowera mbewa

Ngati pali gawo limene eni nyumba amadandaula nalo kwambiri, ndi ili. Sitetimenti imabwera italembedwa mawu amodzi, kukonza mapaipi, ndi nambala pambali pake. Palibe chithunzi, palibe risiti ya ku hadiweya, palibe dzina la mmisiri. Makampani ena ali ndi amisiri awoawo ndipo amaikapo kenakake pamwamba. Kuikapo si mlandu ngati zanenedwa. Vuto ndi kubisa. M'pangano mulembedwe malire, mwachitsanzo kuti ntchito yosapitirira K100,000 kampani igwire n'kutumiza risiti, yoposa pamenepo ibweretse makoteshoni awiri kapena atatu ndi zithunzi inu musanavomereze, kupatula zangozi monga paipi yophulika usiku.

Woyang'anira wodziwa Blantyre amadziwika ndi zimene amayang'ana. Mzindawu ndi wa mapiri, ndipo madzi a mvula ndiwo mdani woyamba. Mu October, mvula isanagwe, ayenera kukwera padenga kuona misomali yosukusa ndi malata a dzimbiri, kuchotsa masamba m'magata, kutsegula ngalande, ndi kuona khoma lotchinga dothi ngati lili ndi mabowo otulutsira madzi. Khoma lopanda mabowo limasunga madzi kuseri mpaka kudzigwetsa lokha, ndipo mpanda wa mabuloko ukagwa umatenga lendi ya miyezi ingapo. Chimene namondwe Freddy anachita mu March 2023 ku Chilobwe, ku Manja ndi m'munsi mwa phiri la Soche chinaonetsa kuti puloti ya m'mphepete mwa phiri kapena mwa mtsinje ndi yotchipa pa chifukwa. Funsani a inshuwalansi ngati pepala lawo likuphatikiza madzi osefukira ndi kugumuka kwa nthaka. Musangoganiza kuti zilimo.

Madzi a m'mipope nawo ali ndi nkhani yawo. Ochuluka a mzindawu amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry kukwera mtunda wautali, choncho magetsi akavuta kapena paipi yaikulu ikaphulika, madera okwera ndiwo amayamba kuuma. Nyumba yokhala ndi thanki ya malita 2,000 kapena 5,000 ndi pampu imapeza tenanti msanga ndipo amakhalitsa. Giza yotenthetsera madzi imafa kawirikawiri pa chifukwa chimodzi: madzi asiya, thanki yake yatsika, magetsi akadali oyatsa, elementi n'kupsa. Woyang'anira amene amauza tenanti zimenezi tsiku lolowa wakupulumutsirani elementi zingapo. Kumtunda kwa Limbe, Bangwe ndi Chigumula, chiperoni cha June ndi July chimabweretsa chinyezi m'makoma ndi nkhungu m'mawadiropu. Penti yokha sichiritsa ngati mpweya sukuyenda kapena ngati pansi pa khoma sanaike pepala lotchinga chinyezi. Chiswe chimakwera mwakachetechete mpaka ku mitengo ya denga, ndipo amene salowa m'siling'i sadzachiona mpaka siling'iyo itagwa. Nyumba yopakidwa penti yatsopano sabata yogulitsa muziikayikira: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka payenera kukhala pepala la chipinda ndi chipinda, ndi zithunzi, losayinidwa ndi onse awiri, pamodzi ndi nambala ya pa mita ya madzi. Magetsi a ESCOM a mayunitsi anachepetsa mikangano, koma kumene mita ya Blantyre Water Board ikadali yolipira pambuyo, tenanti atha kuchoka atasiya bilu ya miyezi isanu, ndipo amene adzadulidwe madzi ndi nyumba yanu. Kampani yabwino imafuna kuona risiti ya madzi mwezi uliwonse, ndipo sibweza dipoziti bilu yomaliza isanalipidwe.

Ndalama ikafika, imagona kuti?

Funsani ngati lendi za eni nyumba zimasungidwa mu akaunti yosiyana ndi imene kampani imalipirira antchito ake. Funsani tsiku lenileni la mwezi limene ndalama izifika kwa inu. Makampani ena amalandira miyezi itatu kwa tenanti n'kumakupatsani mwezi umodziumodzi. Ndalama yanu ikugwira ntchito kwina, ndipo pamene mitengo ya zinthu ikukwera mwezi ndi mwezi, K700,000 ya mu March sigula simenti yofanana ndi ya mu January. Dipoziti ya tenanti nayo ilembedwe kuti ili kwa ndani, chifukwa tsiku lobweza, tenanti amayang'ana inu.

Lendi ikachedwa, kampani yochita bwino imaimba pa tsiku lachisanu, imalemba kalata pa tsiku la 14, ndipo mwezi ukatha imakuuzani zoti muganize za loya. Kuchotsa chitseko, kusasula malata kapena kutseka madzi, zimene alandilodi ena amachita m'malokesheni, kumatembenuza mlandu: tenanti wangongole uja amasanduka wodandaula. Njira yake ndi notisi malinga ndi pangano, kenako khoti, kenako ma sherifu. Imatenga miyezi, ndipo ndalama ya loya ndi yanu, si ya kampani. Onetsetsani kuti komishoni ikuwerengedwa pa lendi yotoleredwa, osati yoyembekezeka. Apo ayi, kampani ilibe chothamangira.

Kwa ndani, ndipo kwa ndani ayi

Kwa amene ali ku Lilongwe, ku Mzuzu, ku Johannesburg kapena ku UK, ntchitoyi n'njoyenera mtengo wake, ndipo imaposa kusiyira m'bale. M'bale simungamufunse risiti popanda maliro a mawa kudzavuta. Kampani mutha kuichotsa ndi kalata. Kwa amene ali ndi nyumba zitatu kapena kuposerapo za lendi yapakati kapena yokwera, n'njoyeneranso. Kwa amene ali ndi nyumba imodzi ndipo amakhala dera lomwelo, chokwanira ndi kulipira kampani kamodzi kuti ipeze ndi kufufuza tenanti n'kulemba pangano, zotsalazo azichita yekha.

Pa nyumba za mdadada, ayi. Zitseko 8 za K40,000 ndi K320,000, komishoni K32,000. Palibe kampani imene idzatenthe mafuta kukwera ku Ndirande, Mbayani kapena Bangwe kasanu ndi katatu pa mwezi, kukaweruza za ndani sanakolope kubafa ndi ndani watunga madzi ochuluka, pa ndalama imeneyo. Idzavomera, kenako idzanyalanyaza. Chodabwitsa n'chakuti mdadada ndiwo kawirikawiri umabweza ndalama msanga kuposa nyumba ya kumpanda, koma umafuna munthu wa pompo: tenanti mmodzi wokhazikika, wochotseredwa gawo la lendi, wosunga kabuku ka madzi ndi kuitana opopa chimbudzi chisanadzaze.

M'pangano la inu ndi kampani muli ndime ziwiri zimene anthu amazidumpha. Yoyamba ndi ya ndalama yopezera tenanti, imene imakhala yapadera ndi komishoni ya pamwezi. Makampani ena amaidulanso chaka chilichonse pangano la tenanti yemweyo likangowonjezeredwa, ngati kuti amupeza kachiwiri. Yachiwiri ndi yothetsera ukwati wanu ndi kampaniyo. Notisi ya mwezi umodzi kufika itatu n'njabwino. Koma pali mapangano onena kuti ngakhale mutaichotsa kampani, izilandirabe komishoni malinga ngati tenanti amene inamupeza akadali m'nyumbamo. Tenanti wa ku Namiwawa atha kukhala zaka zisanu ndi chimodzi. Ndime imeneyo ifufutidwe, kapena iikidwe malire a miyezi 6, ndipo pansi pake palembedwe kuti tsiku losiyana kampani idzapereka makiyi onse, dipoziti, pangano la tenanti, zithunzi za tsiku lolowa ndi masatifiketi a msonkho pasanathe masiku 14.